Ati Maliro Akana Kupita Kwawo

Mpaka lero alipo anthu ku Thyolo kuno amene amanena kuti mng'ono wanga, atamwalira, anakana kupita kwawo. Amanena motsitsa mawu ku chigayo, ndikangodutsa ndi thumba langa. Ine ndikamva zimenezi magazi amandiwira. Mng'ono wanga sanakane kanthu. Inakana ndi injini ya dizilo yokalamba, m'mawa wa chiperoni, ndipo inakana chifukwa cha uchitsiru wa anthu amoyo.

Galimotoyo ndi pikiapu imene anandisiyira malemu amuna anga. Ndimanyamulira nthochi ndi mapeyala kuchoka kwathu ku Mphuka kupita nazo kumsika, ndipo ndimayendetsa ndekha. Ndi nkhalamba, ili ndi makhalidwe ake. Nyengo yotentha umangokhudza kiyi, yalira. Koma Juni ndi Julaye, chiperoni chikatsika n'kuphimba minda yonse ya tiyi, imafuna kuinyengerera. Dizilo si petulo, abale, sayaka m'injini yozizira. M'kati mwa injini muli timahita, tinthu tonga misomali timene timafiira n'kutenthetsa m'katimo usanalize. Ukapotoza kiyi pang'ono, kanyali kachikasu kamayaka. Umadikira kazime, n'kubwerezanso, kenaka n'kuliza. Timahita ta galimoto yanga n'taulesi, ndiye ndimathandizira. Madzulo ndimaiimika pamtunda mphuno italoza kunsi, n'kuifunditsa masaka paboneti. M'mawa ndimathira madzi otentha papampu ndi patimapaipi ta mafuta. Ikanyinyirikabe ndimamasula buleki, n'kuigwetsera m'giya yachiwiri potsetsereka. Mwa njira imeneyi sinandichititsepo manyazi.

Mng'ono wangayo ankathyola tiyi pa esiteti. Anakwatiwa ndi kapitawo wa pomwepo, ndipo ankakhala kumalayini, nyumba za antchito zija zimene anazimanga m'chigwa pafupi ndi mtsinje, kumene nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. Anadwala nthawi yaitali. Tsiku lina kuchipatala, alamu amuna akewo ali chiimire kumiyendo kwa bedi, anandigwira dzanja.

"Achemwali, ine ndikapita mukandigoneke pambali pa amayi. Musandisiye kwa eni."

Ndinamukalipira kuti asiye kulankhula zopanda pake. Koma ndinamva, ndipo alamu anamvanso.

Kwathu nkhani imeneyi si yokambirana n'komwe. Mkazi amakagona kwawo, kumene kuli mbumba yake. Koma alamu anali atamanga nyumba ya njerwa kwawo, cha ku Masambanjati, ndipo maliro atachitika akuchimuna anayamba zoti mkazi wawo akaikidwe kumeneko, ati anamutenga chitengwa. Chitengwa chake chiti? Anapempha kwa yani, liti? Ankhoswe anakhala pansi masana a tsiku la siwa. Kwathu anayankhula amalume, munthu wofatsa mopyola muyeso. Kuchimuna inayankhula nkhoswe yawo, mkulu wina wa chipewa chakuda ndi pakamwa pothwa. Akuchimuna anagonja, chifukwa analibe poimira. Anagwirizana kuti m'mawa mwake thupi lipite ku Mphuka pa galimoto yanga. Tinaimba foni kumudzi kuti adzukulu alawirire kukumba pambali pa manda a amayi.

Ine ndinafika kumalayini madzulo, nditanyamula ufa ndi nkhuni. Galimoto ndinaiimika pamtunda, pafupi ndi shedi yoyezera tiyi, monga mwa nthawi zonse. Ndinatsika wapansi ndikulira, amayi a mpingo n'kundilandira, n'kundikhazika m'nyumba kumutu kwa maliro. Mukudziwa nonse, namfedwa wamkazi akakhala pamenepo wakhala. Satuluka kukayang'ana za panja.

Posakhalitsa anabwera mng'ono wawo wa alamu, bambo woyendetsa minibasi m'tauni. Ananjuta pakhomo.

"Alamu, tipatseni makiyi titsitse galimoto, titule nkhunizi."

"Mukatula muibwezere pamtunda paja. Mphuno iloze kunsi."

"Musadandaule, alamu, ife ndi madalaivala."

Madalaivala! Sanaibwezere. Anaisiya pabwalo m'chigwa muja, m'matope, pozizira kuposa pena paliponse pa esiteti yonse. Ndipo si zokhazo. Kumalayini kunalibe magetsi, ndiye wina anaganiza mwanzeru zake kuti batire la galimoto lili pompo, lingokhala bwanji? Analumikiza mawaya. Anayatsira mababu pabwalo, anaimbira sipika ya kwaya, ena n'kumatchajirapo mafoni. Ine m'nyumba ndinkamva nyimbo zikumveka mpaka kutsidya, n'kumathokoza mumtima kuti anthu amukonda mng'ono wanga. Sindinadziwe kuti akuyamwa batire langa.

Kunacha ndi chiperoni chenicheni. Mvula yowaza yosalekeza, nkhungu yoti mizere ya tiyi kutsogolo kwa nyumba sinkaoneka. Abusa anapemphera, amuna anatulutsa bokosi n'kulikweza kumbuyo kwa galimoto. Ife amayi tinali tikadali m'nyumba, tikudikira kutiuza kuti tituluke. Ndiye ndinamva sitata.

Khwe-khwe-khwe-khwe.

Mlamu wa minibasi uja sanadikire kanyali. Munthu wa minibasi ya petulo adziwa chiyani za kanyali? Anangopotoza kiyi mpaka kumapeto, phazi likupopa mafuta ngati akupalasa njinga. Anasiya, n'kuyambanso. Ndinadzuka.

"Muuzeni asiye! Aphetsa batire!"

Amayi awiri anandigwira chitenje.

"Khalani pansi, mayi. Amuna alipo panjapo."

"Amuna akewo ndi amene akuwononga!"

"Iii, mayi, pamaliro pano."

Khwee... khwee... khwee. Mawu a sitata ankanka natsika. Aliyense amene anakhalapo ndi galimoto yakale amawadziwa mawu amenewo. Ndinadzipulumutsa m'manja mwawo, mpango n'kutsala m'manja mwa wina, n'kutuluka wopanda nsapato.

Nditafika pagalimoto ndinaona mawaya akulendewera pansi pa boneti, ena akadali olumikiza ku sipika. Mayo ine! Ndinawazula n'kuwataya m'matope.

"Ndani wachita zimenezi? Batire langa mwalisandutsa la dansi?"

Anthu ankangoyang'ana mutu wanga wopanda mpango. Mlamu wa minibasi uja anatsitsa galasi.

"Alamu, galimoto yanuyi yatha. Mafuta sakukwera."

"Yatha ndi nzeru zanu. Tsikani."

Ndisanakhale n'komwe pampando, nkhoswe ya kuchimuna ija inayandikira. Inavula chipewa pang'onopang'ono, n'kuzungulira galimoto, n'kuika dzanja pabokosi. Inadikira mpaka anthu onse atakhala chete. Munthu ameneyu amadziwa kudikira anthu, osati ngati mlamu uja wolephera kudikira kanyali.

"Abale," inatero, "izi si zachilendo. Akuluakulu amene muli pano munazionapo. Galimoto iyi dzulo yabwera yokha, tonse taiona. Lero tangokweza malemu, yakana. Apa si galimoto. Malemu akukana."

Gulu lonse linang'ung'udza. Amayi ena anayamba kulira mwatsopano.

"Bodza!" ndinatero. "Ndi kuzizira uku! Dizilo ikagona m'chigwa imatero. Ndipatseni madzi otentha ndi kanthawi pang'ono, muona."

"Mayi," inatero nkhoswe osandiyang'ana, "tikuyankhula ndi amalume anu."

Inawauza amalume kuti ayankhule ndi mwana wawo wakufayo, amupepese, mwina amva. Amalume anagwada m'matope kumbuyo kwa galimoto.

"Mwana wanga, tiye kwanu. Mayi ako akukudikira. Ngati tinakulakwira, tikhululukire."

Zinandikhudza, sindinama. Koma pamene ine ndinkapukuta misozi, mlamu uja anali atalowetsa dzanja pawindo n'kupotozanso kiyi. Sitata inangoti tcha. Basi. Kamphamvu kamene kanatsala m'batire, kamene ndikanakagwiritsa ntchito injini itafunda, kanapita pomwepo. Ndinamumenya padzanja ndi mphamvu zanga zonse, ndipo mpaka pano sindinapepese.

"Mwamva nokha," inatero nkhoswe. "Wayankha."

Kuseri kwa nyumba kunali mgolo wa madzi pamoto, ophikira tiyi wa anthu. Ndinathamangira komweko ndi ndowa. Mayi wamkulu wa mpingo anaima kutsogolo kwanga.

"Madziwa mupite nawo kuti?"

"Painjini."

"Madzi owira pagalimoto yonyamula maliro? Mukufuna kumuwotcha mng'ono wanu?"

"Injini ili kutsogolo, iye ali kumbuyo! Mwapenga kodi?"

Sanasunthe. Ndinabwerera n'kupempha kuti atsitse kaye bokosi, aliike pakhonde, ine ndikonze galimoto. Ati bokosi likatuluka silibwerera kunyumba. Ndinapempha amuna kuti akankhe. Kuchoka m'chigwa muja njira ndi yokwera mbali zonse, koma amuna analipo ambiri, anthu onyamula madengu a tiyi tsiku lonse, akanaikweza mpaka pashedi n'kuitembenuza. Onse anapinda manja. Wina kumbuyo ananena kuti wokankha maliro okana ndi amene amatsatira. Amuna athunthu, a ndevu zawo, kuopa kukankha pikiapu!

Nthawi imeneyo tinamva thalakitala ikutsika. Esiteti inabwereka alamu thalakitala ndi ngolo yake kuti inyamule anthu operekeza. Mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Thalakitala nayo ndi ya dizilo, woyendetsa wake sangalephere kumvetsa. Ndinamuthamangira asanaime n'komwe.

"Achimwene, ndithandizeni. Yagona m'chigwa, batire alimaliza. Mundikoke pang'ono pokha, ndiigwetsera m'giya."

Anayang'ana galimoto yanga, n'kuwerama kuti ena asamve.

"Ndi kuzizira basi, mayi. Inenso yangayi ndaithira madzi otentha m'mawa uno."

"Nenani mokweza! Auzeni anthuwa!"

Anadzutsa mutu, maso ake n'kukumana ndi a alamu. Alamu ndi kapitawo, ndi amene amalemba anthu ntchito ya tsiku. Wathalakitala uja anayamba kupukuta chiwongolero ndi kansanza, ngati sindinayankhule naye.

Nkhoswe inali itamva za kukoka.

"Mwati chiyani, mayi? Tikoke maliro pachingwe ngati mbuzi yopita kumsika? Kwanu mumatero?"

Anthu anagwedeza mitu. Ine amene ndinkamenyera mawu a malemu ndinasanduka wopanda mwambo, iwo oyimbira sipika pabatire la eni n'kukhala osunga mwambo. Asa!

Kenaka nkhoswe inati tiyese tione ngati malemu akana thalakitala. Thalakitala yake iti? Yomwe inali ikulira kale, injini ili yotentha, utsi uli tolotolo! Ikanakana bwanji? Ngakhale mukanakwezapo mfiti zonse za m'boma lino ikanayenda. Amuna omwe aja ankaopa kukankha anathamangira kunyamula bokosi. Analiika m'ngolo, woyendetsa n'kuponda, thalakitala n'kusuntha. Anthu anati aaa, ngati aona chozizwitsa.

"Chabwino," ndinatero. "Wavomera thalakitala. Tiyeni nayoni ku Mphuka."

"Ayi, mayi," inatero nkhoswe. "Sanakane galimoto. Wakana ulendo."

Alamu anawonjezera chapansipansi kuti ndiponso bwana sangalole thalakitala ya esiteti kukafika kumudzi kwathu, njira yake ndi yoipa.

Sindikunena kuti anakonza dala zonsezi. Anthu amenewa alibe nzeru zofika pamenepo. Anangopeza chitseko chili chotsegula n'kulowa. Chimene chimandiwawa n'chakuti ena mwa iwo ankakhulupiriradi, ndipo ena ankadziwa bwinobwino kuti ndi batire, koma onse anayankhula chimodzi.

Ndinapita kwa alamu. Anali ataima pambali, atavala jekete la esiteti, maso ali pansi.

"Alamu, munalipo kuchipatala. Munamva ndi makutu anu zimene ananena."

"Ndinamva, alamu."

"Ndiye auzeni."

Anayankha osadzutsa maso.

"Kaya, mwina wasintha maganizo."

Wasintha maganizo! Munthu wagona m'bokosi, thonje lili m'mphuno, ati wasintha maganizo. Ndinawauza mawu amene sindingawalembe pano. Abusa anatembenukira kumbali.

Otsala anali amalume. Akanangoti ayi, palibe akanasuntha bokosi lija, chifukwa mwini mbumba ndi iwo. Ndinawagwira mkono.

"Amalume, adzukulu akukumba kwathu. Ndipatseni nthawi yoti madzi afike painjini basi. Dzuwa likangoboola nkhunguyi iyaka."

Mawondo a buluku lawo anali matope okhaokha.

"Mwana wanga, tisalimbane ndi wakufa. Ndamupempha ndekha, wandikana pamaso pa anthu. Ukufuna atikwiyire tonse? Mvera akuluakulu."

Amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Awa agonera zaka tsopano, ndipo akununkhabe.

Anthu anakwera m'ngolo mozungulira bokosi, ena n'kutsatira wapansi, kwaya ikuimba popanda sipika. Amayi anandiitana kuti ndikwere. Ndinakana. Ndinaima m'matope mpaka nyimbo inazimirira m'nkhungu, kulowera ku Masambanjati.

Pabwalo panatsala amayi ochepa otsuka mapoto. Tsopano panalibe wondiletsa. Ndinamasula batire ndi sipanala, n'kuliika pafupi ndi makala a moto wa siwa kuti lifunde, chifukwa batire lotopa likafunda n'kupuma limabweza kamphamvu. Ndinatunga madzi m'mgolo muja, omwe aja anandikaniza. Ndinathira papampu, patimapaipi, pamutu pa injini, ndowa ina pambuyo pa inzake, mpaka nthunzi inakwera. Ndinapopa kapampu ka pasefa ya mafuta mpaka kanalimba. Ndinkachita zonsezi ndikulira ndiponso ndikutukwana, ndipo amayi aja ankandiyang'ana ngati wamisala. Nkhungu inayamba kung'ambika, mizere ya tiyi n'kuonekera kutsidya. Ndinabwezera batire, n'kumanga. Ndinapotoza kiyi pang'ono. Kanyali kanayaka mofooka. Ndinadikira kazime, n'kubwerezanso. Kenaka ndinaliza.

Inatembenuka mwaulesi, n'kutsokomola, n'kugwira. Utsi woyera unadzaza bwalo lonse.

Ndinatuluka m'chigwa muja matayala akumwaza matope. Thalakitala yokoka ngolo yodzaza anthu siyenda, imakwawa. Ndinkadziwa kuti ndiwapeza, ndipo ndinkadziuza kuti akangoiona ikulira, nkhani yatha, bokosi libwerera. Ndinawapeza pamsewu wafumbi, atadutsa kale malire a esiteti, pamene minda ya tiyi imathera n'kuyamba ya chimanga ndi nthochi. Ndinawapitirira n'kuima pakati pa msewu. Injini sindinazimitse. Ndinatsika.

"Iyi yalira! Mukuimva? Ndinakuuzani kuti ndi kuzizira! Mubwezereni mng'ono wanga, dzuwa likadalipo."

Nyimbo inaima. Anthu anayang'ana galimoto, n'kuyang'anana. Nkhoswe inangotambasula manja kwa anthu. Amene anayankhula ndi amalume anga enieni, ali m'ngolo, dzanja lili pabokosi.

"Waona, mwana wanga? Tangomutsitsa, yalira."

Amayi m'ngolomo anavomera, eee, zoona, taonani. Pamenepo ndinazindikira kuti ndawabweretsera ndekha umboni. Ikanakhala yosayaka, akanati yafa chifukwa malemu akana. Yayaka, ati yayaka chifukwa malemu atsika. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, pafumbi lonyowa, n'kulira mokuwa. Amuna awiri anandinyamula n'kundiika pambali. Mlamu wa minibasi uja analowa m'galimoto yanga n'kuisuntha kuti thalakitala idutse.

Ndinawatsatira kumbuyo m'giya yoyamba, kumbuyo kwa pikiapu kuli masaka okha. Ku Masambanjati adzukulu a kumeneko anakumba mothamanga, ndipo tinamuika dzuwa litapendeka, pakati pa anthu amene sanawadziwe n'komwe. Pa mwambo wonse nkhoswe inafotokozera anthu a m'mudzimo mmene malemu anasankhira okha kudzagona kwa amuna awo. Anthu anayamikira chikondi chake.

Kwathu ndinafika mawa lake. Mkulu wa adzukulu anandichingamira panjira ya kumanda, chipewa chili m'manja. Anati anakumba bwino, anamaliza dzuwa lisanakwere, n'kukhala pansi kudikira. Foni itabwera yoti maliro apita kwina, anasowa chochita, chifukwa dzenje la manda siligona lopanda kanthu, limaitana wina. Ndiye anachita zimene mwambo umanena. Anadula thunthu la nthochi, n'kuligoneka m'menemo, n'kukwirira.

"Ndiye dzenjelo lingafukulidwenso?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi. Amenewo ndi manda tsopano."

Anandiperekeza kukaona. Mtumbira unali waudongo, dothi lofiira, ataumba bwino m'mbali, utagundana ndi wa amayi monga mmene mng'ono wanga anapemphera. Chaka chilichonse tikamakalambula kumanda ndimapalira yonse iwiri, chifukwa udzu sungausiye pamtumbira umodzi. Ndimagwada pamenepo ndi khasu langa, mayi wamkulu ndi imvi zanga, kupalira nthochi.